Chipatala chikakhala kutali: kusamalira wovulala kwa maola ambiri m'thengo

Maphunziro wamba a thandizo loyamba amadalira chinthu chimodzi, chakuti ambulansi ifika posachedwa. Mumaletsa magazi, mumamugoneka bwino wovulalayo, mumaimba foni, achipatala n'kudzalandira ntchitoyo. M'phiri, m'nkhalango kapena pamtsinje wakutali, wodzalandirayo palibe, kapena afika mawa. Aphunzitsi ambiri amati muli kutali ngati pangatenge ola limodzi kapena kuposerapo kuti wodwala afike m'manja mwa achipatala. Pamenepo ntchito imasintha. Muyenera kutsuka chilonda nokha, kumuteteza munthuyo ku chisanu usiku wonse, kumumwetsa madzi, kumuthandiza pokodza, ndi kugamula ngati ayende, anyamulidwe kapena adikire.

Maphunziro ake amasiyana kutalika. A Wilderness First Aid amatenga maola pafupifupi 16, a Wilderness Advanced First Aid maola 36 mpaka 40, ndipo a Wilderness First Responder maola 70 mpaka 80. Satifiketi yake imatha pakapita zaka ziwiri kapena zitatu. Wotsogolera gulu pa ulendo wa masiku angapo asakhutire ndi maola 16 aja. Zimene zili m'munsimu ndi zoti muzidziwe musanapite kumaphunziro ndi kuzikumbukira mutabwerako, koma manja saphunzira powerenga.

Mphindi zoyamba

Imani kaye musanamukhudze. Yang'anani chimene chamuvulaza: miyala ikugwabe? Madzi akukwera? Njuchi zikadali pomwepo? Wothandiza akavulala, gulu limakhala ndi odwala awiri ndi manja ochepa. Valani magolovesi, werengani ovulala, ndipo musathamangire amene akukuwa kwambiri, chifukwa wokuwayo akupuma. Oopsa ndi amene ali chete.

Kenako tsatirani dongosolo ili osadumpha: magazi otuluka mwamphamvu, njira ya mpweya, kapumidwe, kayendedwe ka magazi, kenako kuzizira ndi mutu. Magazi amayamba chifukwa mtsempha waukulu wa pantchafu ukaduka munthu amatha m'mphindi zochepa. Pisani manja kumsana, m'khwapa, mphechepeche ndi pansi pa miyendo, n'kuyang'ana magolovesi anu. Jekete yoletsa mvula imasunga magazi m'kati, ndipo mchenga umawamwa, kotero maso okha amanama.

Magazi

Munthu wamkulu ali ndi magazi okwana malita pafupifupi 5. Akataya lita imodzi, thupi limayesetsa kubisa vutolo: mtima umathamanga, khungu limazizira ndi kuchita thukuta, munthuyo amasowa mtendere ndipo amamva ludzu. Akafika poyamba kusokonezeka mutu, ndiye kuti mwachedwa kale.

Choyamba ndi kukanikiza. Dulani chovala kuti muone pamene magazi akutulukira, ikani nsalu pomwepo, ndipo kanikizani ndi kulemera kwa thupi lanu, zigongono zili zowongoka. Cholakwika chofala ndi kusuzumira. Nthawi iliyonse mukakweza nsalu kuti muone ngati aleka, mumang'amba magazi amene anayamba kuundana. Cholakwika china ndi kuunjika mabandeji pamwamba pa ena onyowa. Mulu wa nsalu umangomwa magazi n'kumwaza mphamvu ya dzanja lanu. Akapitirira kudutsa, ndiye kuti simunagwire malo enieni. Chotsani zapamwambazo, pezani potulukira, yambaninso.

Bala lakuya la mphechepeche, m'khwapa kapena pamatako limafuna kudzazidwa. Lowetsani chala mpaka mukhudze pamene magazi akuchokera, ndipo muzilowetsa gauze, nsalu yopyapyala ya pamabala, pang'onopang'ono, chala china chikugwira pamene china chikukankha, mpaka dzenje lonse lidzaze molimba. Kenako kanikizani osasiya: mphindi zosachepera 3 ngati gauze yake ili ndi mankhwala oundanitsa magazi, mphindi 10 ngati ndi wamba. Yang'anani pa wotchi, chifukwa mphindi 10 zimaoneka ngati ola manja akatopa. M'chifuwa ndi m'mimba musadzazemo kanthu, mulibe khoma loti nsaluyo itsamire.

Pamkono kapena pamwendo, magazi akamatumpha kapena akakana kuleka, mangani tourniquet, lamba wokhala ndi kamtengo kopotokolera amene amafinya chiwalo kuti magazi aleke. Iikeni masentimita 5 mpaka 7 pamwamba pa bala, osati pabondo kapena pachigongono, ndipo onetsetsani kuti m'thumba mulibe foni kapena mpeni pansi pake. Kokani lamba wake mwamphamvu musanayambe kupotokola kamtengo. Apa ndi pamene ambiri amalephera: lamba akakhala wokhwepa, kamtengo kamazungulira mpaka kutha koma mtsempha osatsekeka. Potokolani mpaka magazi aleke ndipo kugunda kwa mtsempha kumunsi kwa bala kusamveke. Zimapweteka kwambiri, ndipo wovulala adzakupemphani kuti mumasule. Musamasule. Tourniquet yomangidwa mwachifundo ndi yoipa kuposa kusamanga, chifukwa imatseka mitsempha yobweza magazi n'kusiya yobweretsa ili yotseguka, magazi n'kutuluka ambiri. Ngati imodzi yalephera, makamaka pantchafu yonenepa, ikani yachiwiri moyandikana, chakumtunda kwa yoyambayo. Lembani nthawi pa lamba kapena pakhungu ndipo musaiphimbe.

Mukasowa yogula, pindani nsalu yolimba kuti ikhale yotambalala masentimita osachepera 4, izungulizeni kawiri, mangani mfundo, ikani ndodo yolimba pamfundopo, mangani ina, n'kupotokola. Chingwe, waya ndi zingwe za nsapato zimadula minofu. Lamba wa buluku payekha samangika mokwanira.

Kutali, funso limakhala la nthawi. Pansi pa maola 2, chiwalo nthawi zambiri chimachira bwino. Choncho ngati ulendo wa kuchipatala ndi wautali, munthu wophunzitsidwa amayesa kusintha maola 2 asanakwane: amadzaza bala, amamanga bandeji yokanikiza, kenako amamasula tourniquet pang'onopang'ono akuyang'ana, n'kuisiya pamalo pake yokhwepa kuti aimangenso magazi akayambiranso. Izi sizichitika ngati munthu wafooka kale ndi kutaya magazi, ngati chiwalo chaduka, kapena ngati palibe woyang'anira balalo nthawi zonse. Yakhala maola oposa 6 isiyeni, akamasule kuchipatala, chifukwa zoipa zimene zaunjikana m'chiwalocho zikhoza kuimitsa mtima zikalowa m'thupi nthawi imodzi. Ndipo chizolowezi chakale chomasula mphindi zingapo zilizonse "kuti magazi ayendeko" chinasiyidwa. Chimangomukhetsa munthu pang'onopang'ono.

Pali magazi ena osaoneka. Fupa la ntchafu likathyoka, lita imodzi kapena kuposerapo ikhoza kutayikira m'minofu, ndipo mafupa a m'chiuno amabisa ochuluka koposa. Munthu wagwa kuchokera pamwamba, akumva ululu m'chiuno ndipo mtima ukuthamanga, musamugwedeze kuti muyese. Zungulizani nsalu yotambalala kapena jekete pa mafupa otuluka m'mbali mwa ntchafu, m'munsi mwa pamene pamakhala lamba, mangani molimba, ndipo mangani akakolo pamodzi. Ambiri amaimanga pamwamba kwambiri, pamimba, pamene siigwira ntchito.

Mpweya

Wokomoka amene akupuma mugonekeni chammbali kuti masanzi atuluke. Ngakhale mukukayikira khosi, mpweya umayamba: mutembenuzeni anthu angapo, mmodzi atagwira mutu kuti uyende pamodzi ndi thupi. Kuliza mkonono kwa wokomoka si tulo, ndi lilime lotseka njira; kankhirani nsagwada kutsogolo.

Bala loboola chifuwa limateni ndi chomata chokhala ndi potulukira mpweya, ndipo funani bala lachiwiri kumsana ndi m'khwapa. Akayamba kubanika kwambiri mutamata, mpweya ukuunjikana m'kati n'kufinya mapapo. Tukulani mbali imodzi ya chomatacho kuti utuluke, kapena chichotseni.

Kuzizira, mdani wosachita phokoso

Wovulala amazizidwa ngakhale tsiku lofunda. Sakuyenda, wagona pansi, mwina wanyowa, ndipo wataya magazi amene amanyamula kutentha. Magazi ozizira saundana bwino, choncho bala limene munaletsa limayambiranso. N'chifukwa chake kufunditsa ndi gawo la kuletsa magazi, osati chinthu chochita mukamaliza zina.

Nthaka imaba kutentha mofulumira, kotero yambani ndi pansi. Yalani lona, pamwamba pake mphasa za siponji ziwiri kapena zikwama zopanda katundu, kenako zofunda. Mukakhala pobisika, dulani zovala zonyowa. Mukakhala pamphepo, mukulungeni m'pulasitiki zili m'thupi momwemo kuti nthunzi isatuluke, mudzavule mukapeza pobisala. Mufunditseni mutu. Mabotolo a madzi ofunda akulungeni m'sokosi n'kuwaika pachifuwa, m'khwapa ndi kumsana, osati pakhungu penipeni, chifukwa khungu lozizira limapsa msanga. Pomaliza kulungani lona ngati phukusi, nkhope yokha ili kunja. Kabulangete kowala ngati siliva kaja pakokha sikafunditsa. Kamangoletsa mphepo ndi nthunzi. Ndipo konzeranitu za mkodzo: ikani thewera la nsalu kapena pulasitiki, apo ayi zofunda zonse zinyowa pakati pa usiku.

Kutentha kwa m'kati mwa thupi kukatsika pansi pa madigiri 35, vuto layamba. Pakati pa 35 ndi 32 munthu amanjenjemera kwambiri, amapunthwa, manja amalephera kutseka zipi. Ameneyu mupatseni chakumwa chofunda cha shuga wambiri, chifukwa kunjenjemera ndi moto wake ndipo kumafuna nkhuni. Mowa ayi. Pansi pa 32 amasokonezeka ndipo kunjenjemera kumayamba kuleka. Wosadziwa amayesa kuti wapeza bwino, pamene ndiye waipiratu. Ameneyu asayende, asaime, musamusisite manja ndi miyendo, ndipo mumunyamule chogona, mosamala ngati dzira, chifukwa mtima wozizira umasokonekera ndi kugwedezeka pang'ono. Pomva kugunda kwa mtima wake pakhosi, dikirani masekondi 60 athunthu musanagamule kuti palibe.

Kuyeza ndi kulemba

Mukaletsa zoopsa, mufufuzeni kuchokera kumutu mpaka kumapazi, mukugwira fupa lililonse. Mufunseni zimene akumva, zimene thupi lake limadana nazo, mankhwala amene amamwa, matenda amene ali nawo, nthawi imene anadya ndi kukodza komaliza, ndi mmene zinachitikira. Funsani akadali wolankhula. Funso lakuti "munagwa chifukwa chiyani" n'lofunika: wopunthwa pamwala ndi wosiyana ndi amene anachita chizungulire n'kugwa. Wa matenda a shuga amene wasokonezeka koma angathe kumeza, mupatseni magalamu 15 mpaka 20 a shuga.

Munthu wamkulu mtima umagunda ka 60 mpaka 100 pa mphindi, ndipo amapuma ka 12 mpaka 20. Koma nambala imodzi sinena zambiri. Mtima wogunda ka 104 pambuyo pa ngozi ukhoza kukhala mantha chabe. Ukakhala 104, kenako 112, kenako 124 munthu ali chigonere, magazi akutayika penapake. Lembani nthawi, kugunda kwa mtima, kapumidwe, mtundu wa khungu ndi mmene akuyankhira, mphindi 5 zilizonse kwa wodwala kwambiri ndi mphindi 15 kwa amene wakhazikika. Gwiritsani pensulo, bolopeni imakana papepala lonyowa. Kwa wovulala mutu, zizindikiro zoti achoke msanga ndi mutu wopweteka mowonjezereka, kusanza mobwereza, kusinza kovuta kudzutsa, kusintha khalidwe, ndi mwana wa diso mmodzi kukula kuposa mnzake.

Zilonda ndi mafupa

M'tauni chilonda mumangophimba. Kutali, chophimbidwa ndi dothi m'kati chimachita mafinya pakatha tsiku limodzi kapena awiri. Madzi oyenera kumwa ndi oyeneranso kutsukira. Chimene chimachotsa dothi ndi mphamvu ya madzi: gwiritsani sirinji ya mamililita 20 yopanda singano yakuthwa, kapena thumba la pulasitiki loboola ndi pini, ndipo thirani theka la lita mpaka lita imodzi, mukutsegula milomo ya chilonda. Zotsalira zitoleni ndi kopanira koyera. Musathire spirit kapena mankhwala okali m'kati, amapha minofu yamoyo. Bala lolumidwa ndi nyama, loboola kapena lakuda musalitseke. Ikanimo gauze yonyowa, phimbani ndi youma, muzisintha tsiku lililonse. Jambulani mzere kuzungulira pofiira. Kufiira kukadutsa mzerewo, kukayenda ngati njira kulowera kuthupi, kapena thupi likatentha, ulendo watha.

Popsa, thirani madzi ozizira mphindi 20, koma mufunditseni thupi lonselo. Vulani mphete, musaboole matuza. Poyeza kukula kwa popsa, chikhatho cha wodwalayo pamodzi ndi zala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a khungu lake.

Pothyoka, yesani zinthu zitatu kumunsi kwake musanamange ndi mutamanga: zala zikufunda, akumva mukamukhudza, akutha kuzigwedeza. Chomangira chigwire mfundo ya pamwamba ndi ya pansi pa fupalo, ndipo mipata yonse idzazidwe ndi zovala zofewa. Chiwalo chimatupa pakapita maola, kotero bandeji imene inali bwino masana imafinya usiku. Siyani zala poonekera. Ngati chiwalo chapindika ndipo kumunsi kwazizira ndi kutuwa, wophunzitsidwa amakoka pang'onopang'ono motsata fupa kuti chibwerere m'malo, n'kusiya ululu ukakula kwambiri kapena chikakana. Pa ululu, wamkulu amwe paracetamol galamu imodzi maola 6 aliwonse, osapitirira magalamu 4 patsiku. Ibuprofen ndi aspirin musapereke kwa wotaya magazi.

Zofulumira zina

Munthu wotenthedwa amene wayamba kusokonezeka mutu ali pangozi ya moyo, kaya akutuluka thukuta kapena ayi. Ziziritsani kaye, kunyamula pambuyo. Mumizeni m'madzi ozizira mpaka m'khosi, wina atagwira mutu. Mukasowa, mumuthire madzi n'kumukupiza osaleka. Siyani kumuziziritsa kutentha kwa thupi kukatsika kufika pafupi ndi madigiri 39 kapena nzeru zikabwerera. Wotha madzi m'thupi mupangireni lita imodzi ya madzi abwino, masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Koma samalani: womwa madzi ambiri osadya amathanso kusokonezeka chifukwa mchere wachepa m'magazi, ndipo kumuwonjezera madzi kumamuipitsa. Funsani kuchuluka kwa zimene wamwa ndi kukodza.

Wolumidwa ndi njuchi kapena mavu akatupa milomo, akabanika kapena akachita chizumbazumba, mankhwala ake ndi adrenaline, obaya kunja kwa ntchafu, ngakhale pachovala. Jakisoni wodzibaya yekha wa akulu amakhala ndi mamiligalamu 0.3. Bwerezani pakatha mphindi 5 ngati sakusintha, n'chifukwa chake amanyamulidwa awiri. Agone miyendo ili m'mwamba, kapena akhale tsonga ngati akubanika, koma asaimirire. Mapiritsi a ziwengo amathandiza kuyabwa kokha. Vutoli limatha kubweranso pakapita maola, choncho apite kuchipatala ngakhale wachira.

Njoka ikaluma: osatema, osayamwa, osamanga tourniquet, osaithamangitsa. Vulani mphete ndi nsapato, mangani chiwalo ngati chothyoka kuti chisagwedezeke, lembani nthawi ndi malire a kutupa, munyamuleni. Yang'anirani zikope zikamalemera ndi malovu akamavuta kumeza, chifukwa kupuma kumatsatira.

Mtima ukaima, kanikizani pachifuwa ka 30 n'kupumira kawiri, pa liwiro la 100 mpaka 120 pa mphindi, kuya kwa masentimita 5 mpaka 6, mukusinthana mphindi 2 zilizonse. Tinene zoona: popanda makina otsitsimutsa mtima, makamaka ngati waima chifukwa chovulala, sabwerera kawirikawiri, ndipo maphunziro ambiri amalola kusiya pakatha mphindi 30. Limbikirani kwambiri kwa womira m'madzi, amene mumayamba ndi kumupumira kasanu, kwa wozizidwa, ndi kwa woombedwa ndi mphezi. Mphezi ikaomba gulu, dongosolo limatembenuka: yambani ndi amene akuoneka ngati wafa, chifukwa mtima wake umatha kuyambanso kupuma kusanabwerere.

Kuyenda, kunyamula kapena kudikira

Woyenda yekha amafika msanga kuposa wonyamulidwa, kotero wothyoka mkono amene mutu uli bwino ayende, anthu ali mbali zonse. Machila ndi ntchito yolemera kuposa mmene anthu amaganizira. Pamafunika onyamula 6 ndi ena osinthana nawo, ndipo mtunda wa ola limodzi ukhoza kudya tsiku. Machila opangira pomwepo, a mitengo iwiri ndi lona, ayeseni ndi munthu wabwinobwino. Nthawi zambiri nzeru ndi kumanga msasa, kumufunditsa ndi kuitana opulumutsa.

Poitana, tchulani malo choyamba, manambala ake a GPS muwawerenge kawiri, chifukwa foni imaduka. Uthenga wolemba umadutsa pamene mawu akukana. Chida choitanira opulumutsa chotchedwa PLB chimatumiza uthenga pa 406 MHz kudzera pa setilaiti ndipo chimafuna thambo loonekera. Mukatuma anthu, apite awiri, atanyamula pepala la malo, zovulala, miyezo ndi zimene mukufuna. Wezulo woimbidwa kasanu ndi kamodzi, kupuma mphindi, n'kubwereza, ndi chizindikiro chopempha thandizo chodziwika m'mapiri.

Posankha maphunziro, funsani kuti maola angati amachitikira panja. Abwino amakugwetsani m'matope usiku, ndi wodwala wongoyerekeza amene amaipiraipira mukaiwala kumuyalira pansi. Mukabwerako, yesezani ndi chikwama chanu chenicheni: mangani tourniquet ndi dzanja limodzi, muli ndi magolovesi, mumdima, mpaka muzimaliza masekondi 30 asanathe. Yoyesezera ikhale yapadera ndipo ilembedwe chizindikiro, chifukwa yopotokoledwa kambiri imathyoka. Zotsanzira zotsika mtengo zimathyokanso pakamtengo pomwepo. Ulendo uliwonse usanayambe, tsegulani chikwama, onani masiku othera a mankhwala, kwezani adrenaline kukuwala kuti muone ngati madzi ake akadali oyera, ndipo sinthani magolovesi amene akhala padzuwa.